Kabokosi Komaliza pa Fomu ya Evaristo

Evaristo Paniagua anagogoda pa zitseko za anthu zaka khumi ndi zinayi, koma chitseko cha iye mwini chinali cha lata, chomangirira ndi waya. Ntchito yake inali yofunsa mafunso. Kampani ya kafukufuku imene inkatilemba ganyu inkamupatsa mulu wa mafomu, iye n'kumayenda khomo ndi khomo ku Los Mina ndi ku Villa Mella, kufunsa anthu sopo amene amachapira, mowa umene amamwa, ndipo nyengo ya ndale ikafika, munthu amene adzamuvotere. Mkazi wake anapita ku Spain kukagwira ntchito ndipo anasiya kulemba makalata. Evaristo anatsala ndi anthu atatu: mayi ake, Doña Eduvigis, mkulu wake Fulgencio amene ankameta anthu, ndi mwana wake mmodzi yekhayo, Yudelka.

Ine ndine Nicanor. Ndinali dalaivala wa kaminibasi kamene kankatula ofunsa mafunsowo m'madera. Yudelka ndinamunyamula ine pa ubatizo, ndiye iye ankanditchula padrino, ine ndi bambo ake tinkaitanana kuti kompadre, ndipo ngakhale titaledzera bwanji sitinkanenana kuti iwe. Sukulu ndinasiyira panjira, choncho ndilemba mmene ndimayankhulira. Nkhaniyi ndi ya Evaristo, koma dzanja langa lilimo, ndipo sindilibisa.

Chimene chinkamudya Evaristo sichinali umphawi wokha. Madzulo tikakhala pa kagolosale kusewera domino, mwini kampani ankaoneka pa kanema atavala suti, akuwerenga nambala zimene Evaristo anazitola ndi miyendo yake, agalu akumuuwa, anthu akumuthira madzi otsukira mbale.

"Tamuonani, kompadre," ankatero. "Sanagogodepo pakhomo la munthu chibadwire. Nsapato zikutha zanga, galimoto akugula ndi iyeyo."

Chaka chimenecho chipani china chachikulu chinkakonzekera chisankho chachipulula, chofuna kupeza munthu wodzachiimira pa upulezidenti. Amene ankatsogola anali Dokotala Casilda Veloz. Kumchira kwenikweni kunali Injiniya Belarminio Santelises, munthu wa ndalama zambiri ndi nkhope yosakondeka. Pa anthu 100 aliwonse, omufuna anali asanu ndi mmodzi. Tsono anthu akwathu mumawadziwa, safuna kutaya voti. Amakwera basi imene yatsala pang'ono kudzaza. Yopanda anthu amangoisuzumira n'kudutsa. N'chifukwa chake wandale aliyense amagula kafukufuku wake wabodza, koma bodzalo limakhala masiku awiri basi, makampani ena akatulutsa zawo anthu n'kuseka.

Woyendetsa kampeni wa Injiniya anali Don Chago, bambo wonenepa, woyankhula motsitsa mawu. Tsiku lina ndinamumva akuuza mnzake pamalo otsukira galimoto kuti munthu amene angamubweretsere nambala yosafa sadzayendanso wapansi.

Ndine amene ndinakamuuza Evaristo zimenezi. Ndinenso amene ndinamuuza za Don Cundo, sing'anga wa kuseri kwa San Juan, amene ndinapititsako mwini malo a njuga zaka za m'mbuyomo.

"Zokhwimazo ine ayi, kompadre," anatero Evaristo.

"Ndani wanena zokhwima? Tikangofunsa. Si kufunsa komwe ntchito yanu?"

Anaseka. Loweruka lotsatira tinanyamuka.

Tinafika dzuwa lili pamutu. Don Cundo anali mkulu wowonda, wovala chipewa cha mlaza, ndipo tinamupeza atakhala pamthunzi akusenda nandolo. Sanatipatse mpando. Evaristo anafotokoza zonse ali chiimire, thukuta likutsika.

"Ndiye ukufuna kuti bodza lako lizisanduka zoona," anatero mkuluyo.

"Ndikufuna nambala imene ndalemba izikhala."

"N'chimodzimodzi. Chida cha ntchito yako uli nacho?"

Evaristo anasolola pensulo m'thumba la malaya. Don Cundo analowa nayo m'nyumba, ndipo atatuluka inali yonyowa, ikununkha ngati nyama imene yagonera.

"Ilume."

Evaristo anailuma. Mano ake anasiya zipsera.

"Tsopano yakudziwa. Nambala imene ulembe ndi imeneyi, mitima ya anthu izitsata ngati mbuzi zikaona mchere. Tandionetsa pepala limene umafunsira."

Evaristo anamupatsa fomu. Mkuluyo sankadziwa kuwerenga. Anangoyendetsa chala pa timabokosi, Evaristo n'kumamuuza kuti aka n'ka Dokotala, aka n'ka Injiniya, aka n'ka uje. Chalacho chinaima pansi penipeni.

"Nanga aka?"

"Ako n'kachabe, Don Cundo. Pamalembedwa kuti sadziwa, sanayankhe. Timachongapo anthu amene akana kutiuza, kapena amene tatopa nawo."

"Kalibe mwini?"

"Kalibe. N'kotayirako zinyalala."

"Ndiye ine ndikufuna kameneko."

Evaristo anandiyang'ana, ine ndinamuyang'ana.

"Tamvetsera, mwana wanga, chifukwa sindibwereza. Kafukufuku uchita katatu. Nthawi iliyonse fomu yoyamba ikhale ya munthu wamagazi ako. Ugogode pakhomo pake, akutsegulire, umufunse monga umafunsira alendo. Ayankhe chimene ayankhe, iwe uchonge kabokosi komalizaka. Chizimba chake n'chimenecho."

"Basi?"

"Basi. Koma ukayamba umalize. Pensuloyi ikatsala ndi njala imadzisankhira yokha, ndipo imayambira wamng'ono."

Evaristo anapisa m'thumba kuti apereke kangachepe, koma mkuluyo anagwedeza mutu n'kubwerera ku nandolo wake.

"Sunga. Ine ndalipidwa kale."

M'galimoto Evaristo anaseka mpaka kutsokomola. "Kompadre, ine ndimayesa atiuza zopha mbuzi yakuda! Kabokosi kameneko ndimachonga kakhumi pa tsiku. Dzulo lomweli ndachongapo agogo ena chifukwa amachedwa kuyankha." Nanenso ndinaseka. Aliyense wa ntchito imeneyi akanaseka. Ife tinkakaona kabokosiko ngati malo opanda kanthu, osadziwa kuti malo opanda kanthu amafuna kudzazidwa.

Anayambira kwa mkulu wake. Fulgencio anali munthu wa pakamwa, woti akayamba za mpira kapena za ndale makasitomala ankaiwala kuti anabwera kudzameta. Ankakhala kuseri kwa shopu yake. Evaristo anagogoda, ine ndili pambuyo pake.

"Ndani? Aa, ndi iwe wamafunso. Wagogodanso lero? Walowa chipembedzo chanji?"

"Zikomo bambo, tikuchita kafukufuku. Chisankho chachipulula chitakhala lero, mungavotere ndani?"

"Bambo ndi iweyo, galu iwe! Ndinakusambitsa ndine. Lemba Dokotala Casilda, ndi zilembo zikuluzikulu. Injiniya wakoyo ngakhale mkazi wake sangamuvotere."

Evaristo anachonga pansi, akubisa ndi dzanja, akumwetulira. Kenako tinakakhala pansi pa mtengo, n'kudzaza mafomu ena onse tokha, mayina ongopeka. Pa pepala lomaliza analemba kuti omufuna Injiniya ndi 19 pa 100.

Don Chago anaiyang'ana nambalayo ngati nsomba ya dzulo, koma anaipereka kumanyuzipepala. Pa wailesi anaiseka tsiku lonse. Lachitatu ndinakwera njinga ya kabaza, ndipo mnyamata woyendetsayo, popanda kumufunsa, anati, "Mukudziwa, Injiniya uja si woipa ayi." Lachisanu mayi wogulitsa nthochi ananena zomwezo. Sabata isanathe kampani yathu yakale, ija ya bambo wa suti, inatulutsa kafukufuku wake. Inapeza 19.

Zinthu zinasintha ngati mvula ya masana. Don Chago anamutsegulira Evaristo ofesi yokhala ndi dzina lake pachitseko. Anamupatsa galimoto yaikulu yakuda, ine n'kukhala woiyendetsa. Yudelka anamutumiza ku Santiago kukaphunzira unamwino. Pa kanema tsopano ankaoneka Evaristo, atavala suti yake.

Koma tsiku lachitatu chichokereni ife kwa Fulgencio, iye anaima pakati pa kumeta munthu, lumo lili m'manja, nkhani ya mpira ili pakamwa. Kasitomala anadikira kuti amalize chiganizo. Sanamalize. Anamufunsa kuti chavuta n'chiyani, iye anangomuyang'ana. Anamufunsa dzina lake, anangoyang'ana. Kuchipatala anamuunika mutu wonse osapeza kanthu. Ankayenda mukamukoka, ankadya mukamuika chakudya m'kamwa, maso ali otsegula bwinobwino, koma m'katimo munalibe munthu. Dokotala wachinyamata analemba pa khadi lake, ndipo Evaristo anawerenga mawuwo ataima pambali pa bedi: wodwalayu sadziwa kumene ali, sayankha.

Anatuluka panja n'kusanza m'ngalande.

"Ndasiya, kompadre. Ndasiya lero lomwe."

"N'kutheka ndi matenda chabe," ndinatero. Ndinkadziwa kuti si matenda. Koma ndinali nditazolowera kale mpando wa galimoto ija.

Panapita mwezi. Mitima ya anthu inayamba kubwerera kwawo, monga madzi othira pamchenga. Nambala ya Injiniya inatsika kufika 15, kenako 12. Don Chago anabwera ku ofesi m'mawa wina, anapempha khofi, anakhala pansi, n'kuchotsa mfuti m'chiuno kuiika patebulo pafupi ndi kapu, ngati kuti imangomulepheretsa kukhala bwino.

"Don Evaristo, Injiniya akupereka moni. Akuti mwakhala chete."

"Ndikudwalitsa m'bale wanga, Don Chago."

"Tamva, pepani kwambiri. Koma mukudziwa, bwana wagulitsa fakitale yake chifukwa cha 19 wanu uja. Anthu asiya Dokotala kubwera kwa ife, ndipo kumene anachokako sangabwerereko. Anthu amenewa ali ndi ana, Don Evaristo. Inunso muli naye mwana, eti? Ku Santiago? Amati ndi wanzeru."

Anamwa khofi wake mpaka kumaliza, anathokoza, anapita.

Evaristo anayesa kuzemba. Malemu bambo ake anali dalaivala wa lole, ndipo anasiya ana m'tauni iliyonse imene loleyo inagona. Tinamufufuza mmodzi ku Baní, munthu amene Evaristo anali asanamuonepo. Anagogoda, anafunsa, anachonga, analemba nambala. Palibe chinachitika. Munthu wa ku Baní uja anapitiriza kugulitsa mango ake, ndipo nambala inagwa kufika pa 10. Tinabwerera kwa Don Cundo.

"Ndinachita monga munanenera. Anali wamagazi anga."

"Unamulirira?"

"Sindimudziwa n'komwe."

"Ndiye amenewo ndi madzi, si magazi. Pensuloyo imadya chimene chikukupweteka."

"Itengeni. Ndikubwezerani zonse, galimoto, ofesi, zonse."

"Ndizitani ine? Ndili ndi mbuzi zanga. Mano ali pamenepo ndi ako, si anga. Kwatsala kawiri, ndipo ndikuona kuti yayamba kuonda."

Pobwerera, titadutsa Azua, Evaristo anati, "Mkulu uja anati imayambira wamng'ono." Ine ndinangoyendetsa. Ndiyeno ndinanena mawu amene ndimawamva mpaka lero ndikamatsuka m'kamwa.

"Kompadre, Doña Eduvigis ali ndi zaka 81. Ayamba kale kuiwala pomwe aika magalasi. Moyo wawo adya. Mwanayu ndiye sanayambe n'komwe."

Sanandimenye. Ndikanakonda akanandimenya.

Tinapita kwa mayi akewo Lamulungu masana, atabwerako kutchalitchi. Kwathu kuno mwana, ngakhale wa imvi, akaona kholo lake amayamba wapempha dalitso. Evaristo anagogoda, mayi ake anatsegula akupukuta manja.

"Dalitso, amayi."

"Mulungu akudalitse, mwana wanga. Nanga ugogoderanji ngati wokhometsa msonkho? Lowani, khofi ali pamoto. Nicanor, wanenepatu iwe, ndalama zakukonda."

"Amayi, ndili pa ntchito. Ndikufunseni kaye funso limodzi, pompano pakhomo."

"Funsa, bwana wa pa kanema."

"Chisankho chitakhala lero, mungavotere ndani?"

Anaseka. "Ine ndale ndimazidziwa? Ndidzavotera amene akukudyetsa iweyo. Lemba ameneyo."

Pensulo inakhala m'mwamba nthawi yaitali. Ine ndinatsokomola. Inatsika.

Tinamwa khofi uja. Anatipatsanso makeke a chinangwa kuti tidye m'njira.

Nambala imene analemba inali 34, ndipo inakhala. Misewu inadzaza zithunzi za Injiniya. Anthu amene ankamunyoza dzulo ankalumbira kuti anamukonda kuyambira kale. Aphungu ankabwera ku ofesi ya Evaristo atanyamula mabotolo a mowa wodula, kudzapempha kuti awayezere nawonso. Evaristo anagula nyumba ya chipinda chapamwamba. M'nyumba imeneyo, m'chipinda cha pansi, anaikamo mipando iwiri yoyang'ana pawindo, wina wa Fulgencio, wina wa mayi ake. M'mawa uliwonse ankagwada patsogolo pa mayiwo.

"Dalitso, amayi."

Ankadikira. Kenako ankadzuka, kuvala jekete, kupita kukayankhula pa kanema.

Anasiya kudya bwino. Suti inayamba kumulendewera. Pensulo ankayenda nayo m'thumba la malaya, ndipo nthawi ndi nthawi ankaigwira kuti aone ngati ilipo, monga munthu amagwirira chotupa.

Kutatsala milungu itatu kuti chisankho chichitike, nambala inayambanso kutsika. Dokotala Casilda anali adakali patsogolo pang'ono. Don Chago anati akufuna kafukufuku womaliza, ndipo akufuna kuti adutse theka.

Evaristo anandiitanira kuseri kwa ofesi, pamene tinkaimika galimoto.

"Kompadre, ndapeza boti ku Miches. Lachinayi likuwoloka kupita ku Puerto Rico. Akuti zinthu izi siziwoloka nyanja. Kaya n'zoona kaya ayi, koma ndiyesa. Mukatitenge, ine ndi Yudelka, mukatitule kumeneko. Amayi ndi Fulgencio ndawapezera masisitere owasunga. Palibe wina amene ndamuuza. Ndinu nokha."

"Musadandaule, kompadre," ndinatero.

Tsopano ndinene. Don Chago anali atandilonjeza kuti Injiniya akadzalowa m'boma, ine ndidzakhala woyang'anira galimoto zonse za unduna wina. Ine, munthu wa sitandade faifi. Ndinali nditauza kale mkazi wanga, nditauza kale anzanga a domino. Lachiwiri ndinapita kwa Don Chago n'kumuuza za boti. Za pensulo sindinamuuze, iye ankangoganiza kuti Evaristo wagulidwa ndi a Dokotala. Ndinadziuza kuti ndikumupulumutsa ku nyanja, poti maboti amenewo amamira. Limenelo linali bodza, ndipo ngakhale pamene ndinkalinena ndinkadziwa.

Lachitatu m'mawa anyamata awiri a Don Chago, amuna akuluakulu osaseka, anakhala pakhomo la ofesi. Kumene Evaristo wapita, iwo ali pambuyo. Ngakhale kuchimbudzi ankamudikira pakhomo. Lachinayi linadutsa. Boti linapita.

Lachisanu Evaristo anatuluka mu ofesi atanyamula fomu imodzi, n'kuuza anyamatawo kuti kafukufuku ayambira ku Santiago. Ndinayendetsa ine. Iye anakhala kutsogolo, iwo kumbuyo. Ulendo wonse sanandiyang'ane. Titadutsa Bonao anatulutsa pepala la zotsatira, analitsamiritsa pa bondo, n'kulemba 53. Ndinaona ndi ngodya ya diso, ndipo ndinadziwa khomo limene tikupita.

Yudelka ankachita lendi kachipinda kuseri kwa nyumba ya mayi wina wamasiye. Anyamata aja anatsala m'galimoto, poona kuti njira yotulukira ndi imodzi. Tinamupeza panja akuyanika yunifolomu, ndiye panalibe chogogoda. Anathamanga n'kumukumbatira bambo ake.

"Adadi! Osanena bwanji kuti mukubwera? Mwaondatu! Padrino, bambo angawa simukuwadyetsa?"

"Akukana okha, mwanawe," ndinatero.

"Yudelka," anatero Evaristo, "kutenthaku ndifa nako. Thamanga pagolosale ukagule ayezi ndi zakumwa. Osati apa pafupi, kumtunda kuja, kumene kumakhala zozizira bwino."

Anatenga kachikwama n'kupita, akuimba. Evaristo anamuyang'ana mpaka anakhota. Kenako anasolola pensulo ija n'kundipatsa pamodzi ndi fomu. Pamwamba pa fomuyo anali atalemba kale dzina: Evaristo Paniagua, zaka 47.

"Kompadre, ichi n'chiyani?"

"Anati wamagazi anga, amene ndingamve kupweteka. Ine si wamagazi anga? Koma munthu sangadzigogodere yekha. Ndilowa, nditseka. Inu mugogode."

"Sindingathe."

"Mungathe. Munatha kupita kwa Don Chago."

Ndinatsegula pakamwa, koma iye anakweza dzanja.

"Za boti ndinauza munthu mmodzi. Musandinamize lero, nthawi yachepa. Mwanayo abwera posachedwa, ndipo akatipeza chonchi ndidzayenera kufunsa iyeyo. Kapena pensuloyo idzamutenga yokha. Gogodani."

Analowa, anatseka chitseko.

Ndinaima pamenepo. Tambala ankalira kwa aneba, wailesi ikuimba penapake. Ndikanatha kuithyola pensulo ija. Ndikanatha kumuthamangira Yudelka n'kumuuza zonse. Ndikanatha kuyesa chilichonse, ngakhale cholephera. Ndinagogoda.

Anatsegula. Anali atavula jekete, atakonza kolala.

"Zikomo bambo," ndinatero, mawu amene ndinamumva akunena kambirimbiri, "tikuchita kafukufuku. Chisankho chitakhala lero, mungavotere ndani?"

"Yudelka munamunyamula pa ubatizo," anatero. "Munalonjeza pamaso pa Mulungu. Limenelo lokha musaligulitse."

Ndinachonga kabokosi komaliza.

Anthu akamaulula machimo amakonda kunena kuti dzanja linanjenjemera. Langa silinanjenjemere. Ndipo pamene pensulo inkakhudza pepala, pansi pa mantha, pansi pa chisoni, munali kanthu kena kakang'ono mumtima mwanga kamene kanakondwa kuti 53 uja akhala, kuti galimoto za unduna ndi zanga. Ndaulula zambiri kwa ansembe, koma kameneka ndikukanena koyamba pano.

Yudelka anabwera ndi ayezi. Evaristo anauza anyamata aja kuti atenge pepala la zotsatira akapereke, iye atsala masiku angapo ndi mwana wake. Anyamatawo anaimbira foni Don Chago, iye atamva nambala anati musiyeni apume. Ine ndinabwerera nawo. Pensulo ndinaisiya patebulo la Yudelka, ndipo palibe anaionanso.

Zimene zinatsatira anandiuza ndi Yudelka. Akuti bambo ake anayankhula masiku atatu osapuma. Anamuuza za ubwana wake, za mmene anakumanirana ndi mayi ake pa basi, za agalu onse amene anamulumapo pa ntchito, mmene angadziwire mwamuna wabodza, mmene agogo ake amakondera khofi. Iye ankaseka, kumati adadi mwamwa chiyani. Lolemba m'mawa akumupesa tsitsi monga ankachitira ali wamng'ono, Evaristo anati, "Chinthu china chimene usadzaiwale, mwana wanga, n'chakuti," ndipo chipeso chinaima.

Injiniya anapambana chisankho chachipulula ndi 53 pa 100. Panali magule m'misewu. Patapita miyezi ingapo, pa chisankho chachikulu, anthu anadzuka ngati otsitsimuka ku mowa, ndipo Injiniya anagwa moti ngakhale m'dera la kwawo sanapambane. Don Chago anasiya kuyankha foni. Galimoto yakuda anabwera kudzaitenga. Nyumba ija inapezeka kuti mapepala ake sanali m'dzina la Evaristo. Ine ndinabwerera ku kaminibasi, ndipo unduna ndinkangoudutsa panja.

Yudelka anasiya sukulu asanamalize n'komwe chaka choyamba. Anawatengera onse atatu ku kanyumba ka lata kaja ku Los Mina, n'kumawasambitsa, kuwadyetsa, kuwatembenuza. Doña Eduvigis anamwalira chaka chomwecho. Fulgencio tsiku lina anapeza chitseko chotsegula, anatuluka, ndipo anamupeza atafa patapita masiku anayi m'mphepete mwa mtsinje wa Ozama. Evaristo anakhala zaka khumi ndi chimodzi pampando mpaka anamwalira. Mwamuna amene ankafuna kukwatira Yudelka anadikira zaka ziwiri n'kutopa. Ine ndinkapita Loweruka lililonse ndi thumba la mpunga ndi nyemba, ndipo anthu a m'deralo ankati Nicanor ndi munthu wa Mulungu, kompadre weniweni. Ndinkamumeta ndevu Evaristo. Ankandiyang'ana m'maso momwemo. Sindidziwa ngati ankandiona, ndipo sindinalimbe mtima kupempha chikhululuko kwa munthu amene sangathe kundikaniza.

Yudelka mpaka lero amakhulupirira kuti ndi matenda a m'banja mwawo. Sanafune kubereka, poopa kupatsira mwana. Tsopano ali ndi zaka 41. Ine madokotala andiuza kuti chiwindi changa chatha, ndipo mapepala awa ndikawapereka m'manja mwake ndisanawaonetse wina aliyense. Adziwe kuti magazi ake ndi oyera, ndiponso kuti bambo ake anachita zoipa ziwiri zazikulu, koma chachitatu anachikana. Zimene achite nane akawerenga, ndi zake. Akanditsekera chitseko adzakhala atalondola.

Inu amene mukuwerenga, musanene kuti izi ndi za andale okha kapena za asing'anga okha. Evaristo sanali munthu woipa, anali munthu wotopa amene anayang'ana nthawi yaitali mbale ya mnzake. Ine sindinali wanjala, ndinkangofuna kuti anthu aziimirira ndikamalowa. Chuma chobwera mwachidule chimayamba ndi kupempha kanthu kamene ukuona ngati n'kachabe, ndipo ukadzazindikira mtengo wake umakhala utapereka kale anthu amene ukanadya nawo chumacho. Dyera silidya mlendo, limadya wa m'nyumba. Ndipo woipa kuposa wokhwima ndi mnzake amene amamuyendetsa pa galimoto, namulimbitsa mtima, iye manja ali m'thumba kudikira gawo lake. Ngati muli ndi ntchito yotha nsapato, ithereni nsapatozo. Madzulo mudzabwerera kunyumba kumene mukaitana, wina adzakuyankhani.